Chikopa cha Mbuzi ndi Mbiri ya Zomba

M'nyumba ya mayi anga ku Songani muli kachikwama kachikopa kamene kakhala m'banja mwathu zaka zoposa 80. N'kofiirira, kothimbirira m'makona chifukwa cha thukuta la m'manja, ndipo kali ndi chivundikiro chopindikira kutsogolo ndi kachingwe komangira. Anakasoka ndi agogo anga aamuna asanalowe usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuti azisungiramo Juzu Amma ndi tasbihi yawo. Anapita nako ku Abyssinia, anabwera nako, ndipo anakalamba kali m'thumba la mkanjo wawo. Mapepala amene anali m'katimo anatha kalekale, koma msoko wake sunamasuke ndi pamodzi pomwe.

Ndinakakumbukira kachikwamaka pa Idi ya nsembe zaka zingapo zapitazo, nditaima kuseri kwa malo amene tinazingira mbuzi. Nyama inali itagawidwa mwadongosolo, amasiye ndi okalamba atalandira gawo lawo, ndipo aliyense anali wokondwa. Zikopa zokha ndizo zinali zitaunjikidwa padzuwa, ntchentche zitazinga, ndipo pofika madzulo anyamata anakumba dzenje n'kuzikwirira. Ndinaziwerenga, zinali 23. Palibe amene anaona ngati talakwa, ndipo inenso sindinayankhule kanthu, pakuti ngakhale akanandipatsa chimodzi sindikanadziwa chochita nacho.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikufunsa akuluakulu, ndikuwerenga, ndiponso ndikuyesa ndi manja angawa madzulo ana a madrasa akaweruka. Ndapeza kuti ntchito ya zikopa imakhala pa mafuwa atatu: wosenda, wofufuta ndi wosoka. Kuno ku Zomba wosenda alipo, wosoka aliponso, koma fuwa lapakati linachoka, ndipo mphika sukhala pa mafuwa awiri. Mbiri ya tawuni ino ndi phiri lake ikutionetsa mmene fuwalo linachokera.

Mbuzi, nguwo ndi mvukuto

Pamene David Livingstone anafika kunyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859 n'kuona phiri la Zomba, dera lino linali la Amang'anja, anthu olima thonje, oomba nsalu ndi osula zitsulo. Ayao anayamba kufika mwaunyinji m'zaka za m'ma 1860 kuchokera kumpoto kwa Mozambique. Mafumu monga Malemia, Kuntumanji ndi Mlumbe anakhazikika mozungulira phirili, pamene Kawinga anamanga linga lake paphiri la Chikala. Mitundu iwiri yonseyi sinali yoweta ng'ombe zambiri, chifukwa kashembe anali wochuluka m'zigwa za Shire. Chuma cha pakhomo chinali mbuzi, nkhosa zowerengeka ndi nkhuku, kuwonjezapo nyama za kuuzimba monga agwape, insa ndi mbawala.

M'mudzi wa masiku amenewo chikopa sichinkatayidwa. Cha mbuzi chinkasanduka nguwo yoberekera mwana, chogonera, kapena thumba la paulendo. China ankakutira ng'oma, china ankapangira phodo la mivi ndi chimake cha mpeni. Ankachikhomera pansi ndi zikhomo, kuchipala mnofu ndi mafuta, kuchidzoza mafuta a nsatsi, kenaka n'kumachifikisa m'manja masiku angapo kufikira chitafewa ngati nsalu. Mawu akuti kufufuta amatanthauza ntchito imeneyi. Anthu a kuno anadziwanso mphamvu ya chikopa cha ng'ombe mwa njira yowawa: mu 1884 Angoni a Chikusi anaoloka Shire atanyamula zishango zawo zachikopa, ndipo midzi yambiri inathawira kumapiri.

Koma chipangizo chachikopa chimene chinasintha mbiri yathu koposa zonse ndi mvukuto. Wosula ankasenda mbuzi mosang'amba pamimba, chikopa n'kutuluka chathunthu ngati thumba. Mbali imodzi ankamangirirako kampopi kolunjika pamoto, mbali ina ankatsekula ndi kutseka ndi dzanja, mphepo n'kumakoleza makala mpaka chitsulo kufiira. Popanda mvukuto panalibe khasu, nkhwangwa, ngakhale mpeni wozingira mbuziyo.

Buku la Chiikala cha Wayao, limene analemba Yohanna Abdallah ndipo linasindikizidwa ku Zomba konkuno mu 1919, limasimba kuti amene anayambitsa maulendo a malonda pakati pa Ayao anali Achisi, fuko la osula zitsulo. Iwowa ankayenda mudzi ndi mudzi kugulitsa makasu ndi zida zina, ndipo pomka namka patsogolo anakatulukira kunyanja yamchere, kumene anaona nsalu n'kubwera nazo kwawo. Njira zimene anatsegula ndi zomwe zinadzakhala misewu ya ku Kilwa. Sitingabise kuti m'misewu imeneyi munadutsa minyanga ya njovu pamodzi ndi akapolo, ndipo ena mwa mafumu athu anadetsa manja awo ndi malonda oipawo. M'misewu yomweyonso munadutsa Chisilamu. Choncho tikamatsata chiyambi cha mzikiti wa m'mudzi mwathu, kumayambiriro kwenikweni tikupezako wosula ali chikhalire, akuvukuta chikopa cha mbuzi.

Zimene anabwera nazo mashehe

Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena anatsatira. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa, ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa ophunzira ambiri amene anabalalika m'mbali mwa nyanja mpaka kumapiri a kuno. Ulendo wa pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa unali wapansi, wa milungu yambiri, wooloka mitsinje ndi wonyowa ndi mvula. Kitabu chosavekedwa sichikanafika. Chikopa ndicho chinali nyumba ya buku, ndipo mwalimu woyenda ankadziwika ndi thumba la mabuku lolendewera paphewa.

Kugombe kumene ankapitako luso limeneli linali lokhwima. Mudzi wa Siyu pachilumba cha Pate unatchuka ndi kukopera Qur'an pamanja ndi kusoka zachikopa. Ku Zanzibar amuna ankavala nsapato zachikopa zotchedwa makubadhi, ndipo zombo za amalonda a ku Salem ku America zinkabwera ndi nsalu ya merikani n'kubwerera zitanyamula zikopa, minyanga ndi utomoni. Kutali kumadzulo, zikopa zofiira za mbuzi za ku Sokoto ndi Kano zinkaoloka chipululu cha Sahara pangamira, ndipo Azungu ankazigula kumadoko a kumpoto n'kumazitchula dzina la Morocco. Ku Fez maenje ofufutiramo zikopa akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo mzinda wa Cordoba wa Asilamu a ku Andalus unasiya dzina lake pamtundu wa chikopa chosalala m'ziyankhulo za ku Ulaya.

Izi sizinangochitika mwangozi. Chipembedzo chathu chinakulira pakati pa ofufuta zikopa. M'Surat An-Nahl, ndime 80, Allah akuwerengera mahema achikopa opepuka kunyamula pakati pa mitendere imene anapatsa anthu. Pamene Akuraishi anafuna kukopa mfumu Najashi ya ku Abyssinia kuti ibweze Asilamu amene anathawira kumeneko cha m'ma 615, mphatso imene anatumiza ndi Amr ibn al-As ndi mnzake inali zikopa zofufuta, poti ndiye katundu wa ku Makka amene ankasiririka kwambiri. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankagona pachikopa choikamo ulusi wa mitengo ya tende, ndipo ankadzisokera yekha nsapato zake. Mayi wa okhulupirira Zainab bint Jahsh (Allah asangalale nawo) ankafufuta ndi kusoka zikopa ndi manja awo, zimene apeza n'kupereka sadaka, ndipo atamwalira m'chaka cha 20 cha Hijra akazi anzawo anawakumbukira kuti ndiwo anali a dzanja lopatsa kuposa onse. Ngakhale Qur'an imene, pamene Zaid ibn Thabit ankaisonkhanitsa, zina mwa ndime zake anazipeza zitalembedwa pazidutswa za zikopa.

N'chifukwa chake mwana woyamba kuphunzira fiqhi ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife timatsatira, amakumana ndi chikopa m'masamba oyambirira. M'kabuku ka Abu Shuja' nkhani ya zikopa imabwera ikangotha ya madzi. Maziko ake ndi hadith ya nkhosa imene inafa yokha pakhomo pa mayi Maimuna: Mtumiki ataona anthu akukaitaya anawafunsa chifukwa chimene sanatengere chikopa chake kuti achifufute, ndipo anafotokoza kuti choletsedwa n'kudya nyama yake basi. Pamenepa maulama a Shafi'i anaphunzitsa kuti chikopa cha nyama yofa yokha chimayera chikafufutidwa, kupatula cha galu ndi cha nkhumba. Anaonjeza kuti kufufuta kwenikweni n'kuchotsa chinyezi ndi zotsalira zoola pogwiritsa ntchito chinthu chowawasa, monga nyemba za mtengo wa mtundu wa mthethe umene Aarabu amautcha qaradh, kapena makoko a makangaza. Dzuwa, dothi ndi mchere pazokha sizikwanira, pakuti chikopa chotere mukachiviika m'madzi chimayambanso kununkha. Chikopa cha nyama yozingidwa mwa halali n'choyera kale, komabe tanthauzo limene mashehe anapereka ndi lomwelo limene mmisiri aliyense wa lero angakuuzeni.

Pali chinanso chimene tiyenera kutchula moona. Osoka zachikopa ambiri akale ankasokanso njirisi, timatumba tating'ono toikamo zolembedwa m'Chiarabu. Maulama akhala akutsutsana pa za njirisi zokhala ndi ndime za Qur'an, ndipo aphunzitsi amene anandiphunzitsa ine ankaletsa. Pamene chiphunzitso chimenechi chinafala, njirisi zinachepa, ndipo n'zoyenera kutero. Chachisoni n'chakuti ena anataya singano pamodzi ndi njirisi, ngati kuti luso la msoko ndilo linali lolakwa.

Boma lifika pansi pa phiri

Nyumba yoyamba ya boma la Angerezi pa Zomba anaimanga ndi John Buchanan cha m'ma 1886, ndipo mu 1891 Harry Johnston anasankha malo ano kukhala likulu. Mu 1895 asilikali a boma anagonjetsa Kawinga ndi Jalasi, ndipo misewu ya ku Kilwa inatsekeka. Pasanapite nthawi, ana a ogonjetsedwawo anayamba kulembedwa usilikali. Gulu lawo linadzalowa mu King's African Rifles mu 1902, ndipo kampu yawo ya ku Zomba ndi imene lero timaitcha Cobbe Barracks. Ayao anali ochuluka m'gulu limeneli.

Msilikali wa masiku oyambirira ankavala chisoti chakuda, lamba wachikopa, tizikwama ta zipolopolo ndi chimake cha mpeni wa kumfuti, koma nthawi zambiri ankayenda wopanda nsapato kapena ndi masandasi chabe. Zachikopa zonsezi zinkachokera kunja zitasokedwa kale. Msilikali ankaphunzira kuzipukuta mpaka kunyezimira, kuzidzoza kuti zisauma, ndi kuzisoka zikaduka ali kuthengo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ndipo nsanja ya chikumbutso imene ili pafupi ndi kampu ija ikuimira ena mwa amene sanabwerere. Pa nkhondo yachiwiri ana a dziko lino anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ambiri anabwerako akudziwa kugwira singano, ndipo anabweranso ndi chilakolako cha nsapato, lamba ndi yunifolomu chimene timachionabe m'gule wa beni.

Chikopa chinali ndi nkhope inanso m'nthawi imeneyi. Chikoti, mkwapulo wa chikopa cha mvuu, chinagwa pamisana ya asilikali, ya amtengatenga ndi ya ogwira thangata m'minda ya Azungu. Agogo anga sankakonda kusimba za nkhondo, koma akamva mawu akuti chikoti ankangokhala chete, n'kuyamba kuwerenga tasbihi.

Boma linabweretsa ogula ambiri: asilikali, apolisi, oyang'anira ndende, amesenjala ndi makalaliki, onse ofuna lamba ndi nsapato, kuwonjezapo Azungu okwera akavalo ofuna zishalo ndi zingwe. Chikhala kuti mwayi umenewu unagwera mmisiri wa m'mudzi, bwenzi Zomba atakhala mzinda wa ofufuta zikopa. Koma dongosolo la atsamunda linali lina. Ankafuna kuti dziko lino lizitumiza kunja zinthu zosakonza n'kumagula zokonzedwa. Komanso kuyambira mu 1884, pamene Augustus Schultz ku America analembetsa njira yofufutira ndi mankhwala a kolomu, mafakitale a kunja anayamba kutsiriza m'masiku owerengeka ntchito imene ndi makungwa imatenga milungu kapena miyezi. Chikopa cha mbuzi ya ku Jali chinayamba kuchoka chouma kapena chothira mchere, n'kubwerera chili nsapato ya m'sitolo. Apa ndi pamene fuwa lapakati lija linasunthika.

Khonde, fakitale ndi kaunjika

Makolo athu ambiri anakana kutumiza ana awo kusukulu za mishoni monga ya ku Domasi, poopa kuti akasiya chipembedzo. Chifukwa cha ichi Asilamu anali ochepa pakati pa makalaliki a boma, ndipo anapezeka ochuluka pa ntchito za manja: utelala, ukhukhi, usilikali, kuzinga ndi kugulitsa nyama, ndi kukonza nsapato. Makonde a masitolo a Amwenye m'tawuni ya Zomba anasanduka malo awo a ntchito, telala ndi makina ake mbali ino, wosoka nsapato ndi kabokosi kake mbali inayo. Ena anatenga luso lomwelo n'kukadya nalo ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Taonani mmene zinakhalira: wozinga mbuzi ndi wosoka nsapato ankaswali mumzere umodzi tsiku Lachisanu mumzikiti wa pafupi ndi msika, koma chikopa chochoka m'manja mwa woyambayo sichinkafika kwa wachiwiriyo. Wosokayo ankadula malamba akale ndi nsapato zakutha kuti apeze zigamba.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nsapato za Bata ndizo ana a sukulu ankavala, kwa amene makolo awo akanatha kugula. Kunamangidwanso fakitale yofufuta zikopa ku Liwonde, pafupi ndi kuno, koma sinathe kusintha chizolowezi chotumiza kunja zikopa zosakonza. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo nyumba ya malamulo itatsatira pambuyo pa 1994, Zomba anataya ambiri mwa ovala nsapato zopolisha. Kenaka kunasefukira kaunjika ndi nsapato zapulasitiki. Wosoka nsapato wa lero pamsika amathera tsiku akumata guluu ndi kusoka pulasitiki ndi ulusi wa m'matayala, ndipo mwezi ungathe osagwira chikopa chenicheni.

Mukakwera kuphiri, pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, mupeza anyamata akugulitsa zipatso, ziboliboli ndi miyala yonyezimira kwa alendo amene abwera kudzaona dzenje la Chingwe, kapena malo amene Haile Selassie anaimapo mu 1965. Alendo ena amakwera akavalo, pazishalo zochokera kunja. Ndayendera misika imeneyi kangapo ndikufunafuna chikwama kapena lamba wa chikopa chofufutidwa kuno, koma ndabwerako chimanjamanja. Chonsecho dziko lathu lili ndi mbuzi mamiliyoni ambiri, zochuluka kangapo kuposa ng'ombe, ndipo zambiri mwa zimene zimadyedwa m'matawuni amazinga ndi Asilamu.

Zimene manja anga aphunzira

Chaka chotsatira Idi ija ndinapempha chikopa chimodzi. Ndinachiwaza mchere pang'ono, n'kuchipinda m'thumba kuti ndidzachione ndikapeza mpata. Patatha masiku anayi ubweya unkasosoka wokha, ndipo mayi a kunyumba anandipempha mwaulemu kuti ine ndi chikopa changa tisankhe wogona panja. Chachiwiri ndinachiyanika padenga lamalata, chinauma gwa ngati thabwa, n'kuthyoka pochipinda. Chachitatu ndinachiviika mumgolo wachitsulo, chinatuluka chakuda bii. Safunsa anadya phula. Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wosoka nsapato pafupi ndi msika, amene anaonerera ntchitoyi kwa amalume ake ali mwana. Atamva zonse anaseka n'kunena kuti, "A Mwalimu, inu mumaphunzitsa ana kuti alifu imayamba, baa n'kutsatira. Nanga chikopa mwachiyambira bwanji kumapeto?"

Dongosolo limene anandiphunzitsa, ndipo ndaliyesa kangapo, ndi ili. Ntchito imayamba posenda. Mpeni ungotsegula njira, kwinako chikopa chichoke ndi chibakera, pakuti bowo lililonse la mpeni limachotsa mtengo wake. Chikangozizira, pasanathe maola ochepa, chichotseni mnofu ndi mafuta, muchiyale pamthunzi mbali ya mnofu ili kumwamba, n'kuchithira mchere wambiri, wolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chikopacho. Chotere chingathe kudikira milungu ingapo.

Mukafuna kuyamba kufufuta, chiviikeni m'madzi oyera kuti mchere uchoke. Kenaka chikhale m'madzi a laimu kapena a phulusa pafupifupi sabata imodzi, mukuchitembenuza tsiku ndi tsiku, kufikira ubweya utayamba kuchoka ndi chala. Chipaleni pachipika chosalala ndi mpeni wobuntha, ndipo muchitsuke mobwerezabwereza mpaka kuterera kwa laimu kutatha. Tsopano chalowa pa kufufuta kwenikweni. Sinjani makungwa ouma a mitengo ya mtundu wa mthethe, a mombo, ngakhale a gwafa, muwaviike mumtsuko wadothi kapena mundowa yapulasitiki, osati yachitsulo, pakuti chitsulo chikakumana ndi madzi a makungwa chimadetsa chikopa. Yambani ndi madzi osungunuka, n'kumaonjezera mphamvu yake pang'onopang'ono, chifukwa madzi amphamvu poyamba amaumitsa kunja m'kati musanapse. Kuwawasa kwa makungwa kumalowa pakati pa timinyewa ta chikopa n'kutimanga kuti tisaolenso. Cha mbuzi chimatenga milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi, cha ng'ombe miyezi. Kuti mudziwe ngati chapsa, dulani kachidutswa m'mphepete: mtundu wofiirira ukhale utalowa mpaka pakati, popanda mzere woyera. Mukachitsuka, chidzozeni mafuta chikadali chonyowa pang'ono, chiume pamthunzi, ndipo muzichikoka ndi kuchifikisa pamene chikuuma kuti chifewe.

Kusoka sikufuna zida zambiri: mpeni wakuthwa, choboolera, singano ziwiri, ulusi wolimba ndi phula la njuchi lopaka ulusiwo. Mumaboola mabowo motalikirana mofanana, ulusi umodzi n'kuuika singano kuno ndi uko, ndipo singano zonse ziwiri zimadutsa pabowo lililonse, ina kuchokera kumanja ina kumanzere. Msoko wotere ukaduka pamalo amodzi sumasuka wonse monga umachitira wa makina. Nditauphunzira ndinapita ku Songani kukayang'anitsitsa kachikwama ka agogo, ndipo ndinapeza kuti ndi msoko womwewo.

Pali malire awiri amene Msilamu asawalumphe pa ntchitoyi. Asasende makungwa a mtengo wamoyo mozungulira, pakuti umauma, ndipo phiri la Zomba lameteka kale mokwanira. Makungwa atenge pamitengo yodulidwa kale. Ndiponso madzi a laimu ndi a makungwa awathire m'dzenje kutali ndi chitsime, osati mu Likangala kapena mu Mulunguzi, mmene anthu amamwa ndi kuchapa.

Idi ikubwerayi

Fiqhi yathu sinasiye chikopa cha nsembe popanda lamulo. Sayyidna Ali (Allah asangalale naye) anasimba kuti Mtumiki anamulamula kugawa nyama ndi zikopa za ngamira zake za nsembe, ndi kuti asapereke kalikonse mwa izo kwa wosenda ngati malipiro. Kwa a Shafi'i, mwini nsembe saloledwa kugulitsa chikopacho, koma angathe kuchigwiritsa ntchito yekha kapena kuchipereka sadaka, ndipo wosauka amene walandira ali ndi ufulu wochigulitsa. M'njira zonsezi mulibe yakuti tichikwirire. Chikopa ndi gawo la nyama imene tatchulirapo dzina la Allah, ndipo mwina muli gawo la wosauka limene takhala tikulitaya m'dzenje chaka ndi chaka.

Sindikunena kuti aliyense asiye usodzi kapena ulimi n'kukhala wofufuta zikopa. Ine ndemwe ndine mphunzitsi, ndipo iyi ndi ntchito ya pakati pa Asr ndi Maghrib. Chimene ndikupempha n'chochepa. Komiti ya mzikiti ku Malindi, ku Makanjira, ku Namwera, ku Salima kapena ku Nkhotakota, pogula zingwe ndi mipeni ya Idi igulenso thumba la mchere. Pakhale anthu awiri oyang'anira kasendedwe ndi kusunga zikopa pamthunzi. Ndipo ngati m'mudzimo mukadali gogo amene anakutirapo ng'oma kapena kufufuta nguwo, anyamata akakhale naye pansi akadali moyo, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma luso la m'manja likapita kumanda silibwerera.

Chaka chatha tinapulumutsa zikopa 9, ndipo 6 zinapsa bwino. Pa chimodzi ndinadulapo kachikwama, potengera muyeso wa ka agogo kaja, n'kupatsa mtsikana wa m'kalasi mwanga amene anatsiriza kuloweza Juzu Amma. Msoko wanga ndi wokhotakhota poyerekeza ndi wawo. Tsiku lotsatira anyamata atatu anatsalira ena ataweruka, n'kundifunsa ngati ndili ndi singano zina.